Mmene mungapangire chogwirira kamera pa njinga yamoto popanda kupha foni yanu

Chogwirira changa choyamba ndinachipangitsa kwa wowotcherera wina kumsika wa Ndirande. Ndinamufotokozera ndekha mmene ndinkachifunira: chitsulo chochindikala, chowotcherera mbali zonse, choti ngakhale nditagunda hampu foni isasunthe n'pang'ono pomwe. Mkuluyo anagwira ntchito yake bwino, anandipatsa ndendende chimene ndinapempha. Loweruka lotsatira, mvula itangotha kumene, ndinamangirira foni pa handulo n'kulowera msewu wa Chikwawa. Ndinkafuna kujambula malo aja amene msewu umayamba kutsetsereka mokhotakhota, chigwa chonse cha Shire chitayalika patsogolo pako, mpaka kukafika pa Thabwa.

Nditabwerera kunyumba n'kutsegula kanemayo, mtima unandiwawa. Mapolo a magetsi ankapindika ngati bango la mumtsinje, msewu unkachita mafunde ngati madzi a m'beseni limene mwana waligwedeza. Nditayenda nayo maulendo ena angapo, kamera ya foniyo inasiya kuona bwino, chilichonse chinkaoneka mwa chimbuuzi. Wokonza mafoni wina ku Limbe anayatsa kamerayo n'kundiika foni pakhutu. Mkati munkamveka kaphokoso konga ka udzudzu.

"Achimwene, foni iyi mumaimangirira pa njinga yamoto eti?" Sanadikire n'komwe kuti ndiyankhe. "Kamera yatha iyi. Tisintha yonse."

Ambiri tikamapanga chogwirira, mantha athu amakhala akuti kamera igwa. Komatu kugwa n'kosavuta kupewa, kachingwe kamodzi kakwanira. Chovuta ndi kunjenjemera kwa injini. Chogwirira chabwino chimagwira handulo mwamphamvu koma n'kunyamula kamera mofewa, ndipo pakati pa ziwirizi pasapezeke paliponse pamene chitsulo chakhudza chitsulo chinzake. Zonse zimene ndikufotokoza pansipa zatsamira pa mfundo imeneyi.

Mudziwe kaye chimene mukulimbana nacho

Njinga zambiri za m'misewu ya mu Blantyre muno, ma Lifo, ma King Lion, ma Boxer ndi zina za 100cc mpaka 150cc zimene anzathu a kabaza amayendera, zili ndi injini ya silinda imodzi. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, ndiye kuti pisitoni ikukwera n'kutsika ka 100 pa sekondi imodzi, ndipo kugunda konseko kumayenda mu felemu mpaka kukafika kumahandulo. N'chifukwa chake manja amachita dzanzi ukayenda ulendo wautali, ndiponso galasi loonera kumbuyo limasiya kuonetsa bwino ukafika pa liwiro linalake.

Kunjenjemeraku kumaononga zinthu ziwiri. Choyamba ndi kanema. Kamera ya foni, ngakhalenso timakamera tambiri ta mtundu wa GoPro, sititenga chithunzi chonse nthawi imodzi. Timachiwerenga mzere ndi mzere kuchoka mbali ina kupita mbali ina, mwachangu kwambiri. Kamera ikagwedezeka kuwerengako kuli mkati, mzere wina umajambulidwa kamera ili kumanja, wina ili kumanzere, ndiye polo yowongoka imatuluka yokhota. Mafunde aja amachokera pamenepo, ndipo akalowa m'kanema ndi ovuta kuwachotsa ngakhale pa kompyuta.

Chachiwiri ndi foni yeniyeniyo. Mafoni apamwamba ali ndi diso la kamera loyandama, logwiridwa ndi timawaya ndi timaginito tating'onoting'ono, kuti dzanja likanjenjemera pojambula chithunzi chisasokonekere. Pa bokosi la foni amalemba kuti OIS. Tizipangizo timeneti tinapangidwira kunjenjemera kwa dzanja la munthu, osati kwa injini. Mu Seputembala 2021 kampani ya Apple inachenjeza poyera kuti kunjenjemera kwa injini za njinga zamoto kungathe kuononga kamera za iPhone, ndipo mafoni a makampani ena okhala ndi OIS ali pa chiopsezo chomwecho. Kawirikawiri foni yodula ndiyo imavulala msanga kuposa yotchipa.

Ndiye langizo langa n'lakuti pa handulo muikepo kamera yaing'ono ya action, ija ya mtundu wa GoPro, kapena foni yakale imene simungalire ikafa. Foni yabwino, ija mumalandirira makasitomala ndi ndalama, malo ake ndi pachifuwa. Ndifotokoza zogwirira zonse ziwiri.

Zofunika kutolera

Zambiri ndi zotola. Kwa owotcherera, kaya ku Ndirande, ku Bangwe kapena pafupi ndi kwanu, pemphani tizidutswa tiwiri ta fulatiba yochindikala mamilimita 3, m'lifupi mamilimita 50, m'litali mamilimita 90. Timeneti ndizititchula kuti mapuleti, yapansi ndi yapamwamba. Ku hadiweya gulani U-bolt imodzi ya M6 (kutanthauza yonenepa mamilimita 6), bawuti ija yopindika ngati chilembo U, yokhala ndi mpata wa mamilimita 25 mpaka 27 mkati. Mahandulo a njinga zing'onozing'ono zambiri ndi a mamilimita 22, ndiye mukakulunga mphira mpatawo umadzaza bwino. Mukapeza U-bolt yokhala ndi kampando kake kokhota, tengani imeneyo, imagwira bwino paipi yozungulira.

Mufunikanso mabawuti anayi a M5 otalika mamilimita 45 kapena 50, mawasha otambalala, ndi manati aja okhala ndi pulasitiki mkati amene samasuka okha. Onjezerani chubu chakutha cha njinga, kachidutswa ka kapaipi ka petulo ka njinga yamoto, nsapato imodzi ya patapata yakutha koma yofewa, ndi chingwe cholimba cha nayiloni. Ngati muzijambula ndi foni, pezani kogwirira foni kochokera pa selfie stick kapena pa sitandi ya ring light yothyoka. Chomaliza ndi bawuti ya kamera, imene ili ndi nkhani yakeyake, ndiikamba pa malo ake.

Zida ndi sowo yodulira zitsulo, tupa, dirilo, mpeni wakuthwa ndi masipanala a 8, 10 ndi 11. Ngati mulibe dirilo, wowotcherera yemweyo akubooolerani mukangomulembera malo ake.

Gawo loyamba: sankhani malo musanadule kanthu

Khalani pa njinga mmene mumakhalira poyendetsa. Malo abwino ndi pakati pa mahandulo, pafupi ndi pamene amangiriridwa ku foloko. Kunsonga kwa handulo ndiko kumanjenjemera kwambiri, pakati pamakhala bata pang'ono. Musamangirire pa ndodo ya galasi loonera kumbuyo ngakhale pakuoneka posavuta, chifukwa ndodoyo ndi yaitali ndi yopyapyala, imachulukitsa kunjenjemera kulikonse.

Dulani katoni ya saizi ya puleti, muiike pa malowo, kenaka khotetsani mahandulo mpaka kumapeto, kumanja ndi kumanzere. Onani ngati sikugunda thanki, sikutseka pa kiyi, sikubisa wotchi ya liwiro, ndiponso sikukanikiza kebulo ya kilachi, ya buleki kapena ya moto. Kebulo ya moto ikapanikizika, njinga imatha kudziwonjezera moto yokha mukukhota. Ichi n'chinthu choti musachitenge mopepuka.

Gawo lachiwiri: kuboola mapuleti

Sanjikizani mapuleti awiriwo, muwapane pamodzi, n'kuboola mabowo anayi a mamilimita 5 m'makona, lililonse mamilimita 12 kuchokera m'mphepete. Kuboolera pamodzi kumathandiza kuti mabowo ayang'anizane ndendende. Mukatha alekanitseni.

Pa puleti yapansi boolani mabowo awiri a U-bolt pakati, motsata m'litali mwa puletiyo, kuti ikamangidwa mbali yaitali iloze kutsogolo ndi kumbuyo. Musayerekeze mtunda wake ndi maso, ikani U-bolt yeniyeniyo pa puleti n'kulemba pamene miyendo yake yaponda. Pa puleti yapamwamba boolani bowo limodzi la mamilimita 6.5 pakatikati, ndipo mabowo anayi a m'makona aja muwakulitse kuti kapaipi ka petulo kazilowa mothina. Yezani kapaipi kanu, nthawi zambiri ndi pafupifupi mamilimita 9 kapena 10.

Palani makona onse ndi tupa akhale obulungira. Chitsulo chimenechi chizikhala patsogolo pa chifuwa chanu, chisakhale ndi nsonga iliyonse.

Gawo lachitatu: mapilo a patapata

Apa ndiye pali mtima wa ntchito yonse, musathamange. Dulani timawilo 12 kuchokera ku patapata uja, kalikonse mamilimita 20 m'mimba mwake. Ine ndimatenga kachidutswa ka paipi yachitsulo, n'kunola m'mphepete mwake ndi tupa, n'kumakhoma ndi hamala pa thabwa; timawilo timatuluka tofanana ngati mabatani. Boolani pakati pa kalikonse ndi msomali wotentha. Sankhani mbali ya patapata imene ikadali yofewa, ya pakati pa phazi, osati ya kuchidendene imene inaphwatalala kale n'kuuma.

Dulaninso tizidutswa tinayi ta kapaipi ka petulo, kalikonse mamilimita 6 kapena 7, n'kutilowetsa m'mabowo a m'makona a puleti yapamwamba. Ntchito ya timeneti ndi kuletsa bawuti kukhudza m'mphepete mwa bowo. Anthu ambiri amaika mphira pakati pa mapuleti n'kuganiza kuti zatha, koma bawuti imene yadutsa pakati imakhala ikukhudza mapuleti onse awiri, ndiye kunjenjemera kumangokwera ndi bawutiyo ngati pa makwerero, mphirawo uli pomwepo osagwira ntchito.

Kasanjidwe ka pa kona iliyonse, kuchokera pansi kukwera m'mwamba, n'kotere: mutu wa bawuti pansi pa puleti yapansi, kenaka puletiyo, timawilo tiwiri ta patapata, puleti yapamwamba ndi kapaipi kake m'bowo, kawilo kamodzi ka patapata, washa yotambalala, nati pamwamba. Mukaonetsetsa muona kuti puleti yapamwamba yapanidwa ndi mphira pansi, pamwamba ndi m'mbali. Ikuyandama. Koma musamange pakadali pano, pali zinthu ziwiri zoyenera kulowa kaye.

Gawo lachinayi: bawuti ya kamera

Kabowo ka pansi pa kamera, komanso ka pansi pa kogwirira foni kaja, sikalandira bawuti wamba. Makamera pafupifupi onse amagwiritsa ntchito muyezo wa 1/4-20, kutanthauza bawuti ya kota inchi, mamilimita 6.35, yokhala ndi mazinga 20 pa inchi imodzi. Mazinga ndi amene amakaniko amati mathiredi. Bawuti ya M6 imene yadzaza m'mahadiweya athu imaoneka yofanana nayo, ndipo imalowa kamodzi kapena kawiri, kenaka n'kulimba. Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti ingokakamizani ilowa. Musatero. Mazinga a M6 atalikirana milimita imodzi, a kamera milimita 1.27, ndipo mukakakamiza mumadya mazinga a kamera, amene ndi ofewa, ndipo sadzagwiranso.

Mukapita kogula, tengani kogwirira foni kaja m'thumba, muyese pomwepo ndi zala. Bawuti yoyenera imalowa yokha mosavuta mpaka pansi. Funsani ya kota inchi ya UNC, limene ndi dzina la mtundu wa mazinga amenewa. Mabawuti akale a kota inchi a mazinga a mtundu wa Whitworth, amene amapezeka kwa ogulitsa zitsulo zakale, nawonso ali ndi mazinga 20 pa inchi ndipo amalowa. Ikhale yotalika inchi imodzi, ndi manati ake awiri.

Lowetsani bawutiyo pa bowo lapakati la puleti yapamwamba kuchokera pansi, n'kuimanga zolimba ndi nati yoyamba. Nati yachiwiri ilowetseni momasuka, pamwamba pake washa ndi kachigamba ka chubu. Kamera ikadzafika, muipotokole ka 4 basi, zimene ndi pafupifupi mamilimita 5, muiloze kutsogolo, kenaka mukweze nati yachiwiri ija kuti ikanikize pansi pa kamera. Imeneyo ndiyo imakhoma. Musapotokole kamera mpaka bawuti igunde kumapeto kwa bowo, chifukwa kabowoko ndi kosazama ndipo nsonga ya bawuti imatha kuswa chikuto cha kamera mkati.

Makamera a mtundu wa GoPro ali ndi timapazi tiwiri tomangidwa ndi bawuti ya M5. Amenewa amafuna kolumikizira kakang'ono kokhala ndi bowo la kota inchi pansi, ndipo makamera otchipa ambiri amabwera nako m'bokosi.

Gawo lachisanu: kumanga pa njinga

Kulungani chigamba cha chubu pa handulo kamodzi, chikumane bwino popanda kusanjikizana kwambiri. Chimateteza penti komanso chimaletsa U-bolt kuterereka. Lowetsani mabawuti anayi aja pa puleti yapansi kuchokera pansi, kenaka mangani puletiyo pa handulo ndi U-bolt. Apa mangani zolimba ndithu ndi sipanala 10, mosinthanasinthana nati iyi ndi inayo. Miyendo ya U-bolt yotsala pamwamba pa manati iduleni ndi sowo, chifukwa ikatalika imakhudza puleti yapamwamba mukagunda bampu, ndipo ntchito yonse ya mapilo ija imapita pachabe.

Tsopano sanjani timawilo, ikani puleti yapamwamba, n'kumanga manati anayi a m'makona ndi sipanala 8. Awa samangidwa zolimba. Mangani mpaka mphira ungoyamba kutupa m'mbali, lekerani pomwepo, ndipo onse anayi afanane. Mukakanikiza puleti yapamwamba ndi chala chachikulu izitsika milimita imodzi kapena awiri n'kubwerera. Poti manatiwa sali othina, m'pofunika akhale a pulasitiki mkati aja. Ngati simunawapeze, ikani awiriawiri n'kuwakhomanitsa.

Kuti mutsimikize kuti palibe pamene chitsulo chakhudza chinzake, gogodani puleti yapansi ndi sipanala chala chili pa yapamwamba. Muzimva kugunda kogontha, osati kulira kwa chitsulo. Amene muli ndi mnzanu wokonza mawailesi, mubwerekeni mita yake yoyezera magetsi, muike waya wina pa puleti yapansi wina pa yapamwamba musanapake penti. Mita ikalira, penapake pakukhudzana.

Kuweramitsa kapena kudzutsa kamera n'kosavuta: masulani U-bolt pang'ono, zunguzani chogwirira chonse pa handulo, mangani. Musawonjezere ndodo yoti kamera ikwere m'mwamba. Chogwirira chikatalika chimagwedera ngati mlongoti wa wailesi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: kachingwe

Mangani chingwe cha nayiloni ku kamera yeniyeniyo kapena ku chikuto cha foni, mbali inayo ku handulo, osati ku chogwirira. Chikhale chachifupi moti kamera ikamasuka ilendewere pamwamba pa thanki, isafike ku masipoko kapena kulowa pakati pa foloko ndi felemu. Ngati ndi foni, dulani chubu mopingasa mupeze lamba wozungulira, mumukoleke pa foni ndi kogwirira kake. Sipuling'i ya kogwirira ka selfie stick inapangidwira munthu woimirira, maenje a ku Machinjiri siingawapirire yokha.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kuyesa ndi kukonza

Musayambire pa msewu. Imikani njinga pa sitandi yapakati moyang'ana chinthu chowongoka, felemu ya chitseko kapena polo ya magetsi. Lizani injini itenthe, yambani kujambula, kenaka wonjezerani moto pang'onopang'ono kuchoka pansi mpaka pamwamba n'kutsikanso, mukulankhula mokweza kuti apa ndi pansi, apa pakati, apa pamwamba. Mawu anuwo adzakuthandizani kudziwa pamene vuto layambira. Kanemayo muonereni pa kompyuta kapena pa TV, chifukwa pa foni zolakwika zing'onozing'ono zimabisala.

Polo ija ikamachita timafunde tofulumira moto ukakwera, mapilo athina kwambiri kapena patapata wanu ndi wouma. Masulani manati anayi aja kota ya kuzungulira, yesaninso. Ngati mwamasula koma mafunde sakutha, vuto likhoza kukhala lakuti kamera yanu ndi yopepuka kwambiri. Zimamveka zachilendo, koma mphira umagwira bwino ntchito ukasenza kanthu kolemerako. Onjezani mawasha akuluakulu awiri kapena atatu pansi pa nati yoyamba ya bawuti ya kamera. Pa chogwirira chimene ndikugwiritsa ntchito pano, mawasha atatu ndi amene anathetsa mafunde amene ndinalimbana nawo masana onse.

Pafupifupi njinga iliyonse ili ndi malo amodzi pa moto pamene imanjenjemera kuposa pena paliponse. Mwina simungawathetseretu. Adziweni, ndipo pojambula muzisintha giya kuti injini isakhazikike pamenepo.

Kenaka pitani pa msewu. Ine ndimayesera pa Masauko Chipembere Highway Lamulungu m'mawa magalimoto asanachuluke, kuchoka pa Ginnery Corner kudutsa ku Chichiri mpaka ku Limbe, chifukwa pali mapolo ndi nyumba zambiri zowongoka zoyezerapo. Ndikachoka apo ndimalowa msewu wafumbi. Pa fumbi mukuyang'ana vuto lina: chithunzi chikamagwedera pang'onopang'ono ngati munthu wosinza, mapilo amasuka kwambiri, mangani pang'ono. Muyenera kupeza malo apakati pamene pa tala palibe mafunde ndipo pa fumbi palibe kugwedera. Zimatenga maulendo awiri kapena atatu. Mukayenda makilomita 10 oyamba, imani mugwire nati iliyonse.

Mukaona kuti zonse mwachita koma kunjenjemera kwanyanya, yang'anani njinga yeniyeniyo. Mabawuti omangira injini ku felemu akamasuka, tcheni chikalendewera kapena limu likapindika, palibe patapata amene angakuthandizeni.

Chogwirira cha pachifuwa, cha foni yabwino

Thupi la munthu limayamwa kunjenjemera kuposa mphira wina aliyense. Kugunda kwa injini kukamadutsa pa mpando, m'miyendo ndi m'manja, kumafika pachifuwa kutachepa kwambiri. Kanema wa pachifuwa amakomanso, chifukwa amaonetsa manja ndi mahandulo, woonera amamva ngati akuyendetsa ndi iyeyo.

Pezani chigubu chakutha cha malita 20, chija cha mafuta ophikira, muchitsuke bwino. Dulani chigamba cha masentimita 13 kwa 16 pa mbali yosalala, n'kubulungiza makona. Ndi mpeni wotentha boolani mipata inayi yopyapyala, iwiri pamwamba, umodzi kumanja, umodzi kumanzere. Malamba atengeni pa chikwama chakutha cha sukulu pamodzi ndi zomangira zake: awiri adutse pamapewa, mmodzi azungulire m'nthiti, onse akakumane kumsana. Telala aliyense wa pakhonde akusokerani.

Poikapo foni, dulani kona ya chigubu chomwecho, pamene khoma limakumana ndi pansi. Pamenepo pulasitiki ndi yochindikala ndipo ndi yopindika kale ngati L. Mbali ina muimangirire ku chigamba chija, mbali inayo ikhale ngati kashelefu koloza kutsogolo, ndipo pa kashelefupo mudutsitse bawuti ina ya kota inchi yaifupi yomangira kogwirira foni. Mitu ya mabawuti onse ikhale mbali ya thupi, nsonga ziloze kunja, ndipo kumbuyo konse mumatepo chigamba cha patapata. Musagwiritse ntchito puleti yachitsulo pachifuwa. Tonse amene timayenda pa mawilo awiri tikudziwa kuti tsiku lakugwa limafika, ndipo pulasitiki imapindika pamene chitsulo chikanathyola nthiti.

Cholakwika chimene pafupifupi aliyense amachita n'kuwongola foni ataimirira. Ukakhala pa njinga umawerama, ndiye kamera imangojambula thanki ulendo wonse. Iwongoleni mutakhala pa njinga, manja ali pa mahandulo, mnzanu akuyang'anireni. Mahandulo azioneka m'munsi mwa chithunzi, mbali yaikulu ikhale msewu ndi kumwamba. Mukaimirira muona ngati foni yayang'ana m'mwamba kwambiri, ndipo mmenemo ndi mmene iyenera kukhalira. Foni igone cham'mbali, ndipo ngati ili ndi diso lotambalala lija la 0.5, jambulirani limenelo, limabisa kugwedezeka kwambiri.

Za helimeti ndinena mwachidule: musaiboole, ndiponso musaipake guluu wamphamvu wa nsapato, chifukwa mankhwala ena a m'maguluu amafooketsa pulasitiki ya chigoba chake. Helimeti ili ndi ntchito imodzi, ndipo bawuti yoloza ku mutu wanu imasemphana ndi ntchito imeneyo.

Mukakhala pa msewu

Yambani kujambula njinga itaima, ndipo musagwirenso kamera mpaka mutaimanso. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola mumayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Masekondi awiri oyang'ana ngati kamera ikujambula ndi mamita 33 oyenda osaona, ndipo pa mtunda umenewo minibasi ikhoza kuima mwadzidzidzi kapena mwana kudumpha msewu. Ine ndimathimitsa kuwala kwa sikirini kuti isandikope maso.

Dzuwa la masana limaonetsa mafunde kwambiri, chifukwa kukawala kamera imatsegula ndi kutseka mwachangu ndipo kugwedezeka kulikonse kumaoneka bwinobwino. M'mawa ndi chakumadzulo kanema amatuluka wosalala, ndipo mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru amaoneka bwino nthawi imeneyo. Ngati n'kofunika kujambula masana, galasi la magalasi a dzuwa akutha lomatidwa ndi tepi patsogolo pa diso la kamera limachepetsa kuwala ndipo limathandiza. Mu Okutobala foni yokhala padzuwa ikujambula imatentha mpaka kudzizimitsa, ndiye jambulani zidutswa za mphindi zisanu kapena khumi. M'nyengo ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, kadontho kamodzi pa diso la kamera kamaononga ulendo wonse. Yendani ndi kansalu kofewa muzipukuta mukaima. Phokoso la mphepo limachepa mukamata kachidutswa ka siponji pa kabowo ka maikolofoni.

Anzanga a kabaza amene mukufuna kamera kuti ikhale mboni pakachitika ngozi, cholinga chanu n'chabwino, koma muuzeni kasitomala kuti mukujambula, makamaka ngati mawu akulowa. Anthu amakamba zakukhosi ali kumbuyo kwanu, ndipo sanakwere kuti akapezeke pa Facebook kapena TikTok. Pa rodibuloko, pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka, pa maliro kapena pamene pachitika ngozi ya ena, ndi ulemu kuzimitsa. M'malo odzaza anthu mmene njinga imayenda pang'onopang'ono, chotsani kamera pa handulo muike m'thumba, kumasula nati imodzi ija sikutenga nthawi.

Mphira wa patapata umaphwatalala ndi dzuwa ndi mvula, ndiye pakapita miyezi iwiri kapena itatu mudzaona mafunde akubwerera pang'onopang'ono. Kanikizani puleti ndi chala. Ikapanda kubwerera, nthawi yosintha timawilo yakwana. Tsiku limene mukudula toyamba, duliranitu tina 12 pa patapata yemweyo kuti kufewa kwake kudzafanane, mutikulunge m'kapepala ka pulasitiki pamodzi ndi sipanala 8, n'kutisunga m'kabokosi ka zida ka m'mbali mwa njinga.